Grahamstown isanakhale Makhanda: mbiri ya Colonel John Graham

Kwa zaka 206 tauni ina ya m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa inkadziwika ndi dzina la munthu amene sanakhalitsemo n'komwe. John Graham anasankha malowo mu 1812, anakhazikapo asilikali ake, ndipo chaka chisanathe anali atabwerera ku Cape Town. Sanamangemo tchalitchi, sukulu kapena sitolo. Zonse zimene anthu amaitamira Grahamstown, monga yunivesite, masukulu akalekale ndi chikondwerero cha zisudzo ndi nyimbo, zinadza iye ali kale m'manda. Ntchito imene anaigwira ndi manja ake m'deralo inali yopitikitsa Axhosa pafupifupi 20,000 pa miyezi itatu, ndipo tauniyo inabadwa kuti anthu amenewo asabwerere.

Derali Adatchi ankalitcha Zuurveld, ndipo lili pakati pa mtsinje wa Sundays kumadzulo ndi wa Great Fish kum'mawa. Woweta ng'ombe ndiye amalidziwa khalidwe lake. Udzu wa m'zitunda umakoma m'dzinja mvula ikamagwa, koma ukakhwima umatha mphamvu, moti ng'ombe zimaonda pamene zikudya tsiku lonse. Nthawi yachisanu msipu wabwino umapezeka m'zigwa za mitsinje, m'zitsamba zowirira, koma umenewo suchedwa kutha ukadyetsedwa mosalekeza. Choncho aliyense woweta, kaya Mxhosa kaya Mbunu, ankayenera kusamutsa ziweto zake malinga ndi nyengo, kukwera nazo kumtunda ndi kutsika nazo kuchigwa. Malire ojambulidwa pa pepala ku Cape Town, mtunda wa makilomita mazanamazana, sankagwirizana ndi zimene ng'ombe imafuna.

Eni dziko akale anali Akhoikhoi. Axhosa atafika kuchokera kum'mawa, kwina anamenyana nawo, kwina anakwatirana nawo, ndipo fuko la Gqunukhwebe, limene mfumu yake pa nthawi ya Graham inali Chungwa, linatuluka m'kusakanikirana kumeneko. Mabunu anadza pambuyo ndi ngolo zawo m'zaka za m'ma 1770. Mu 1778 bwanamkubwa wa Adatchi, Joachim van Plettenberg, anayendera deralo n'kukambirana za malire ndi mafumu ang'onoang'ono ochepa, amene analibe mphamvu yolankhulira anzawo. Patapita zaka ziwiri boma la ku Cape linalengeza kuti mtsinje wa Fish ndiwo malire. Mafumu amene anali kale tsidya la kumadzulo sanavomereze, ndipo ambiri sanafunsidwe. Panabuka nkhondo zitatu pakati pa 1779 ndi 1803, koma panalibe amene anatha kuchotsa mnzake. Pa yachitatu, antchito Achikhoikhoi anathawa m'mafamu ndi mfuti ndi akavalo a mabwana awo n'kugwirizana ndi Axhosa, ndipo Mabunu ndiwo anaona msana wa njira. Moto utazilala anthu anapitiriza kukhala mosakanikirana: Axhosa ena ankagwira ganyu m'mafamu, malonda a mikanda ndi zikopa ankayenda, ng'ombe zinkabedwa uku ndi uku.

M'kati mwa Axhosa munalinso mkangano wa pabanja umene unadzathandiza atsamunda kwambiri. Ndlambe anasungira mpando mwana wa mbale wake, Ngqika, pamene mwanayo anali wamng'ono. Ngqika atakula analanda ufumu ndi nkhondo n'kusunga Ndlambe ngati mkaidi. Cha m'ma 1800 Ndlambe anathawa, anawoloka Fish ndi anthu ake n'kukakhazikika ku Zuurveld. Chidani chinakula pamene Ngqika anatenga Thuthula, mkazi wa Ndlambe, chinthu chimene Axhosa ambiri anachiona ngati chonyansa, popeza mwamwambo mkaziyo anali mayi ake.

Graham anabadwa mu 1778 ku Dundee, m'dziko la Scotland, m'banja la a Graham a ku Fintry. Linali banja la dzina lalikulu koma thumba lobowoka, ndipo bambo ake anagulitsa malo a makolo chifukwa cha ngongole. Kwa mnyamata wa banja lotere usilikali ndiwo unali njira yopezera ulemu ndi chakudya. Analowa ali ndi zaka 16, natumikira m'gulu la 90th Regiment limene anayambitsa wachibale wake Thomas Graham. Mu Januwale 1806 anafika ku Cape ndi gulu la 93rd Highlanders pansi pa General David Baird, ndipo pa 8 mwezi womwewo anamenya nawo nkhondo ya ku Blaauwberg, imene inachotsa Cape m'manja mwa Adatchi. Atasonyeza luso kumeneko anapatsidwa udindo wotsogolera Cape Regiment, gulu limene akuluakulu ake anali Azungu koma asilikali wamba anali Akhoikhoi.

Ambiri amaiwala kuti m'gulu la amene analowa m'nkhalango kukasaka Axhosa munali anthu akuda ochuluka. Akhoikhoi anali atalandidwa kale msipu wawo. Lamulo la bwanamkubwa Caledon la mu 1809 linkati Mkhoikhoi aliyense akhale ndi malo odziwika okhala, ndipo asayende kuchoka m'dera lake popanda chiphaso. Kwa munthu wopanda munda, malo odziwikawo anali famu ya Mbunu, mishoni, kapena msasa wa asilikali. Graham anawaphunzitsa, ankawayamikira m'makalata ake, ndipo ankadziwa kuti m'tchire palibe Mngerezi angafanane nawo potsata mapazi ndi kuwombera. Anthu amene dziko linali la makolo awo ndiwo anatumidwa kukalilandira mwini wachitatu. Zimandiwawa nthawi zonse ndikafika pamenepa, chifukwa atamaliza ntchitoyo Zuurveld sanapatsidwe iwo.

Maganizo opitikitsa Axhosa sanayambe ndi Graham. Mu 1809 Colonel Richard Collins anayendera malire n'kulangiza boma kuti Axhosa onse awolotsedwe Fish, ndipo m'malo mwawo mudzazidwe Azungu okhala mothithikana. Bwana wa boma la Uitenhage, Jacob Cuyler, ankalemba makalata osaleka opempha zomwezo. Cuyler anabadwira ku Albany ku America, m'banja limene linakhala mbali ya mfumu ya Angerezi pa nkhondo ya ufulu wa dzikolo, ndipo n'chifukwa chake Zuurveld inadzatchedwa Albany. Madandaulo a alimi sanali opeka. Ng'ombe zinkabedwa, abusa ankaphedwa, ndipo pofika 1810 mabanja ambiri anali atasiya mafamu awo. Koma boma silinafune kusiyanitsa mbala ndi mlimi, kapena mfumu imene inkabweza ng'ombe zobedwa ndi imene inkazibisa. Sir John Cradock atafika monga bwanamkubwa mu Sepitembala 1811, sanachedwe. Anapatsa Graham mphamvu zonse za usilikali ndi za boma m'madera a kumalire, ndi lamulo limodzi: Mxhosa aliyense awoloke.

Graham anasonkhanitsa asilikali a Chingerezi, Cape Regiment yake, ndi makomando a Mabunu, omwe anali alimi wamba oitanidwa kunkhondo ndi akavalo ndi mfuti zawozawo. Anawagawa patatu: Cuyler kumwera kufupi ndi nyanja, Captain George Fraser pakati, ndi bwana wa boma la Graaff-Reinet, Anders Stockenström, kumpoto. Anayamba kuyenda m'masiku a Khirisimasi mu 1811. Cuyler atafika kufupi ndi mudzi wa Chungwa anakumana ndi Ndlambe maso ndi maso, ndipo malinga ndi zimene Azunguwo analemba, mfumuyo inaponda pansi mwamphamvu, inagwedeza nthungo, n'kunena kuti dzikolo ndi lake, analipeza pa nkhondo ndipo adzaliteteza.

Pa 29 Disembala, Stockenström akudutsa m'mapiri a Zuurberg kuti akakumane ndi Graham, anapeza gulu la Axhosa pamalo otchedwa Doringnek. Anali munthu wodziwika kwa iwo, ndipo ankakhulupirira kuti akhoza kuwanyengerera kuti achoke mwamtendere. Anatsika pa kavalo, anakhala nawo pansi, anasuta nawo fodya. Nkhani ili m'kati kunafika mthenga wonena kuti kumwera magazi akhetsedwa kale. Stockenström anabayidwa pomwepo pamodzi ndi anzake angapo. Mwana wake Andries, mnyamata wa zaka 19 amene anali msilikali pa ulendo womwewo, anathamangira kumaloko atamva uthenga. Imfa imeneyi inatseka pakamwa aliyense wa mbali ya atsamunda amene akanalankhula zokambirana.

Kumayambiriro kwa Januwale 1812 Graham analowetsa anthu ake m'nkhalango ya Addo, kumene lero alendo amapita kukaona njovu. Ndi tchire la minga lowirira moti munthu saona patali. Asilikali ankawombera chilichonse chogwedezeka, ndipo akazi nawonso anafa. Chungwa anali nkhalamba yodwala, yosatha kuyenda. Anthu ake anamunyamula n'kukamubisa, koma kagulu ka Mabunu kanamupeza ndipo kanamuwombera ali chigonere. Imeneyi inali mfumu imene kwa zaka zambiri inkayesetsa kukhala bwino ndi boma la atsamunda, ndipo chimene inkapempha chinali kutsala pa dziko limene inakulirapo. Ndlambe ataona kuchuluka kwa mfuti sanafune kutaya anyamata ake pachabe. Pakati pa mwezi womwewo anawolotsa anthu ake ndi ng'ombe zimene anatha kupulumutsa.

Otsala anachotsedwa ndi njala, ndipo apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yonse. Nyengo ya kumeneko ndi yofanana ndi yathu. Aliyense amene anakulira pa munda akudziwa Januwale: nkhokwe yapepuka, chimanga chamasula, maso a banja lonse ali kumunda. Graham anadziwanso zimenezi. M'makalata ake anafotokoza kuti anasankha dala nyengo imene mbewu zili m'munda, kuti Axhosa akakana kuchoka awalange koposa powaonongera chakudya. Mafumu atapempha kuti awalole kudikira mpaka akolole, anawakaniza. Robert Hart, msilikali wa ku Scotland amene anali wothandizira wake, ankalemba za tsiku ndi tsiku, ndipo zolemba zakezo n'zovuta kuziwerenga mtima uli m'malo. Tsiku lina magulu awiri a anthu 100 lililonse anatumidwa kukaononga minda ndi kutentha midzi. Hart anachita chidwi ndi mindayo. Analemba kuti inali ikuluikulu ndiponso yambiri, kuti chimanga chake chinali chachitali pafupifupi mamita atatu, ndi kuti maungu otero anali asanawaonepo. Patapita masiku awiri, anthu 300 analawirira m'mamawa ndi ng'ombe 600 kuti zikapondeponde mbewu. Linali Lamulungu.

Taganizani za mayi amene anaswa mphanje, anabzala, anapalira, akuyang'ana ali m'tchire pamene ng'ombe zikuyendetsedwa uku ndi uku m'munda mwake mpaka phesi lomaliza litagona. Amene ankati Axhosa ndi anthu ongoyendayenda, osadziwa kusamala nthaka, anayankhidwa ndi msilikali wa Graham yemwe. Panafunika amuna mazana ndi ng'ombe mazana, kwa masiku ambiri, kuti afafanize ntchito ya makasu awo.

Graham sanali munthu wosadziwa chimene akuchita. Analemba kuti njira yokhayo yochotsera Axhosa ndi kuwalanda chakudya ndi kusawapatsa mpata wopuma, ndipo m'kalata ina anati ntchitoyo ndi yonyansa, chifukwa akusaka anthu ngati nyama zakutchire. Ena amatenga mawu amenewa ngati umboni woti anali ndi chifundo. Ine ndimawaona mwina. Munthu amene akudziwa kuti chinthu n'chonyansa, n'kuchichitabe mwadongosolo mpaka kuchimaliza, mlandu wake sungachepe chifukwa choti anadandaula m'kalata. Anzake ankamudziwa ngati munthu waulemu, wakhama, wosamala asilikali ake, ndipo zimenezo ndi zoona. Ntchito yotere siinkafuna chimbalangondo. Inkafuna msilikali womvera, wodziwa kuwerengera nyengo.

Pofika Malichi 1812 Zuurveld inali mbee. Cradock analembera Lord Liverpool, nduna yoona za nkhondo ndi maiko a atsamunda ku London, kuti magazi amene anakhetsedwa sanapitirire muyeso wofunika kuti anthuwo, amene iye anawatcha osachangamuka, agwidwe ndi mantha oyenera ndi kupereka ulemu. Kwa Axhosa nkhondo yotere inali yachilendo. Pakati pawo ankamenyanirana ng'ombe ndi ulamuliro, akazi ndi ana sankaphedwa, ndipo wogonja ankalowa pansi pa wopambana n'kupitiriza kulima. Mdani wokana kukulandira ngakhale utagonja, wofuna nthaka yokha popanda anthu ake, anali asanamuonepo. Anthu 20,000 aja anakaunjikana tsidya lina m'dziko la Ngqika, mdani wa mfumu yawo, opanda chakudya, chisanu chili pafupi.

Kupitikitsa anthu n'kosavuta kusiyana ndi kuwaletsa kubwerera kumene anasiya manda a makolo awo. Graham anamanga timalinga toposa 20 motsata malire, ndipo olondera analamulidwa kuwombera Mxhosa wopezeka tsidya la kumadzulo. Timalingato tinkafuna likulu. Poyamba anasankha famu yotchedwa Noutoe, koma Andries Stockenström, mwana wa malemu uja, amene ankalidziwa bwino dzikolo, anamuonetsa malo ena: famu yosiyidwa ya Mbunu wina, Lucas Meyer, yotchedwa De Rietfontein, m'chigwa chozunguliridwa ndi zitunda kumene kumayambira mtsinje wa Kowie. Madzi analipo, ndipo kuchokera pamenepo asilikali akanatha kufika msanga kumadooko a Fish. Anakonza nyumba yakugwa ya Meyer, anamanga zisakasa, ndipo pa 14 Ogasiti 1812 Cradock analengeza kuti malowo azitchedwa Graham's Town, pothokoza msilikali amene anachotsa Axhosa m'deralo. Chifukwa cha dzinalo chinanenedwa poyera ndi amene analipereka. Tauniyo inali mpiringidzo wa chitseko chimene Graham anatseka eni nyumba ali kunja.

Za moyo wake wotsala n'zochepa. Chaka chomwecho anakwatira Johanna Catharina Cloete, wa limodzi mwa mabanja akale kwambiri a Azungu a ku Cape. Anapita ku Ulaya, kumene anatumikira ku Holland pansi pa wachibale wake uja Thomas Graham pa nkhondo zolimbana ndi Napoleon, kenaka anabwerera n'kukhala mkulu wa asilikali ku Simon's Town. Anamwalira ku Wynberg pa 13 Malichi 1821 ali ndi zaka 42. Munthu amene dzina lake linadzalowa m'malo mwa lake sanakumane naye pa bwalo la nkhondo.

Munthuyo ndi Makhanda, amene Axhosa amamutchanso Nxele chifukwa anali wamanzere. Anakulira kufupi ndi mafamu a Mabunu, ankamva Chidatchi, ndipo anakopeka ndi chiphunzitso cha amishonale. M'zaka zoyamba za tauniyo ankabwera yekha ku Grahamstown kudzakambirana za Mulungu ndi m'busa wa asilikali, Van der Lingen. Pang'onopang'ono anaona kuti Azungu sadzamulandira ngati mnzawo pa za chikhulupiriro, ndipo chiphunzitso chake chinasintha. Anayamba kulalikira kuti Mdalidiphu, Mulungu wa anthu akuda, ndi wamkulu kuposa Thixo wa Azungu. Anthu a Ndlambe, amene anali ndi chilonda cha 1812, anamumvera, ndipo iye anasanduka mlangizi wamkulu wa mfumuyo.

Atsamunda anathira okha mafuta pamoto. Mu 1817 bwanamkubwa Lord Charles Somerset anakumana ndi Ngqika ku mtsinje wa Kat n'kumutenga ngati mfumu ya Axhosa onse, pamene mwamwambo wamkulu anali Hintsa wa kwa Gcaleka. Anakhazikitsanso lamulo loti mwini ng'ombe zobedwa azitsata mapazi ndi asilikali mpaka mudzi woyamba umene mapaziwo alowera, n'kutengako ng'ombe, kaya mudziwo ndi wolakwa kaya ayi. Mu Okutobala 1818 Ndlambe ndi omuthandiza anagonjetsa Ngqika koopsa pa nkhondo ya Amalinde, pamene mwana wa Ngqika, Maqoma, anavulazidwa kwambiri. Ngqika anathamangira kwa Angerezi, ndipo mu Disembala Colonel Thomas Brereton anawoloka Fish n'kulanda ng'ombe pafupifupi 23,000 za anthu a Ndlambe. Kwa anthu odalira mkaka, kumeneko kunali kuwapha ndi njala kachiwiri pa zaka zisanu ndi ziwiri.

Pa 22 Epulo 1819, dzuwa lili pamutu, ankhondo osachepera 6,000 anatsika zitunda za kum'mawa kwa Grahamstown, motsogozedwa ndi Makhanda ndi Mdushane, mwana wa Ndlambe. M'tauni munali asilikali pafupifupi 350 pansi pa Colonel Thomas Willshire. Akanabwera usiku, mwina mbiri ya dera lonselo ikanakhala ina. Koma anabwera masana, poyera, ndipo akuti Makhanda anawalonjeza kuti zipolopolo zidzasanduka madzi. Anafika pafupi kwambiri, ena atathyola mipini ya nthungo zawo kuti abaye pafupi m'malo moponya, koma mizinga inawagwetsa m'magulumagulu. Alenje a njati Achikhoikhoi, motsogozedwa ndi Jan Boesak, anafika nkhondo ili m'kati n'kuyamba kuwombera atsogoleri. Mbali ya atsamunda kunafa anthu atatu. Mbali ya Axhosa kunafa mazana ambiri, ndipo ena amati anapitirira 1,000. Malo amene anagwera ambiri mpaka lero amatchedwa Egazini, kunena kuti pamagazi.

Patapita miyezi inayi, asilikali akutentha midzi tsidya la Fish, Makhanda anayenda yekha kukalowa mumsasa wa Andries Stockenström, poganiza kuti akadzipereka anthu ake apeza mtendere. Anatumizidwa ku Robben Island. Mu 1820 iye ndi akaidi ena analanda bwato n'kuthawa, koma linagudubuzika m'mafunde kufupi ndi gombe la Blouberg ndipo iye anamira. Anthu ake anakana kukhulupirira, ndipo anamudikira kwa zaka zambirimbiri. Mmodzi mwa amene anapulumuka m'madzimo, mtsogoleri wa Akhoikhoi David Stuurman, anatumizidwa ku Australia kumene anakafera.

Ngqika naye sanapindule. Nkhondo itatha Somerset anamuuza kuti dziko la pakati pa Fish ndi Keiskamma, lomwe linali lake, lichotsedwe anthu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo malangizo a Collins aja anakwaniritsidwa: nyumba ya malamulo ku London inapereka mapaundi 50,000, ndipo mu 1820 Angerezi pafupifupi 4,000 anatsitsidwa ku Algoa Bay n'kugawiridwa malo ku Zuurveld, mwamuna aliyense maekala 100. Ambiri sanauzidwe kuti akuikidwa ngati mpanda pakati pa koloni ndi anthu olandidwa. Tirigu wawo anagwidwa ndi chiwawu zaka zotsatizana, maekala 100 a udzu wowawasa sakanasunga banja, ndipo ambiri anasiya makasu n'kulowa m'tauni kukachita za umisiri ndi malonda. Iwowa ndiwo anakuza Grahamstown. Minyanga ya njovu ndi zikopa zochokera kwa Axhosa zinkadutsa m'masitolo awo, nkhondo iliyonse ya kumalire inkabweretsa makontirakiti odyetsa asilikali, ndipo kwa kanthawi tauniyo inali yachiwiri kwa Cape Town. Nyuzipepala ya Graham's Town Journal, imene inayamba mu 1831, pansi pa mkonzi Robert Godlonton inakhala liwu la ofuna kulanda malo ena. Kenaka kunadza St Andrew's College mu 1855, Rhodes University College mu 1904, ndi chipilala chachikulu chokumbukira Angerezi a 1820, chimene chinatsegulidwa mu 1974 pamodzi ndi chikondwerero cha zaluso chija.

Axhosa anabwerera ndithu, koma ngati antchito. Anakhala kum'mawa kwa kamtsinje, ku Fingo Village ndi malokeshoni amene anatsatira, mbali yomwe ankhondo a 1819 anatsikira. Iwo tauniyo ankaitcha iRhini. Mpaka lero woima pa chipilala cha 1820 amaona matauni awiri: wa matchalitchi amiyala ndi mitengo ya mthunzi pansi pake, ndi wa nyumba zothithikana patsidya, kumene kumakhala anthu ochuluka.

Ulamuliro wa tsankho utatha, khonsolo ya deralo inatchedwa Makana, kalembedwe kena ka dzina la Makhanda, koma dzina la tauni linatenga zaka zambiri za misonkhano ndi kukokanakokana. Pa 29 Juni 2018 nduna ya zaluso ndi chikhalidwe, Nathi Mthethwa, inalengeza m'gazeti ya boma kuti Grahamstown ikhala Makhanda, ndipo itaunika madandaulo inatsimikiza mu Okutobala chaka chomwecho. Gulu la Keep Grahamstown Grahamstown linatsutsa. Linati anthu sanafunsidwe mokwanira, kusintha kudya ndalama zimene zikanakonza misewu, ndipo dzinalo linasiya kalekale kunena za munthu mmodzi, tsopano likunena za masukulu ndi chikondwerero zimene zimabweretsa alendo. Otsutsawo sanali Azungu okhaokha. Panalinso ena ofuna kusintha amene ankati dzina loyenera ndi iRhini, limene anthu ankagwiritsa ntchito kale. Nkhani inafika kukhoti, koma dzina latsopano linakhala.

Mfundo ya ndalama ndi ya kafunsidwe ka anthu ndimaimva, ndipo siyopepuka. Yoti dzina linasiyana ndi mwini wake ndiyo sindiivomera. Kunena kuti dzina latha ululu n'kwapafupi kwa amene makolo ake sanali m'nkhalango ya Addo. Ndiponso pano sitikunena za munthu amene anachita zabwino zambiri n'kulakwitsa chimodzi, ayi. Cradock anapereka dzinalo ngati mphotho ya ntchito yopitikitsa anthu, ndipo ananena choncho. Kwathu kuno tinachita zomwezi titangolandira ufulu: Fort Johnston inakhala Mangochi, Fort Manning inakhala Mchinji, Fort Hill inakhala Chitipa, ndipo ku Zambia Fort Jameson inakhala Chipata. Amenewonso anali malinga a asilikali asanakhale maboma, ndipo palibe amene anasochera chifukwa choti chikwangwani chasintha.

Komabe otsutsa aja ananena zoona pa chinthu chimodzi, kuti dzina silitulutsa madzi pa mpope. Mu 2019, chaka chimodzi chisanathe chisinthireni dzina, chilala ndi kuonongeka kwa makina opopa ndi kuyeretsa madzi zinasiya madera ambiri a Makhanda ouma kwa masiku ambiri, moti bungwe lachifundo la Gift of the Givers linachita kubwera ndi madzi a m'mabotolo ndi kukumba mijigo. Ovutika kwambiri anali a kum'mawa kwa kamtsinje kaja. Gulu la anthu osowa ntchito la Unemployed People's Movement linatengera khonsolo ya Makana kukhoti, ndipo mu Januwale 2020 khoti lalikulu linalamula kuti khonsoloyo ithetsedwe chifukwa cholephera kupereka zofunika kwa anthu, chigamulo chimene akuluakulu a boma anachitira apilo. Maina ena m'chigawocho anapitiriza kusintha: mu 2021 Port Elizabeth inakhala Gqeberha, Uitenhage ya Cuyler inakhala Kariega, bwalo la ndege linapatsidwa dzina la Stuurman, ndipo mu 2022 tauni ya Cradock, yotchedwa dzina la bwanamkubwa amene anatuma Graham, inakhala Nxuba. Koma yunivesite ya mu Makhanda inakana kusintha dzina. Khonsolo yake inavota mu 2017 kuti isunge dzina la Rhodes, ndipo ikulisungabe.